GoPro pa kaiti: mapu a dimba lathu akutuluka opindika, ndikulakwitsa pati?

Mlembi_wa_dimba

Abale, ndithandizeni nzeru. Ndine mlembi wa kalabu ya ulimi wothirira kuno ku Bembeke m'boma la Dedza. Dimba lathu ndi la mahekitala pafupifupi 3, tilimo mabanja 34, ndipo timalima kachewere, kabichi, tomato ndi anyezi. Chaka ndi chaka ikafika nthawi yosonkha ndalama yokonzera ngalande pamabuka phokoso. Timasonkha molingana ndi kukula kwa puloti ya munthu, koma mapulotiwo anayezedwa kalekale ndi mapazi, ndipo malire ena anasuntha chaka chomwe mtsinje unasefukira. Pali gogo wina wamasiye yemwe ndikukhulupirira kuti wakhala akulipira kuposa malo ake, ndipo zimenezi zimandiwawa chifukwa risiti ndimalemba ndine.

Ndiye ndinaganiza zojambula dimba lonse kuchokera m'mwamba kuti aliyense adzionere yekha puloti yake papepala. Droni sindingaikwanitse. Chomwe ndili nacho ndi kamera yaing'ono ya GoPro Hero4 Silver yomwe achimwene anga ananditumizira kuchokera ku Johannesburg, yogwirapo kale ntchito koma ili bwinobwino. Ndinasoka kaiti yaikulu ndi nsalu ya tenti yakale, ndinagula twaini wa nayiloni wa mamita 200, kamera ndinaimangirira pa twainiyo ndi mphira, diso lake litayang'ana pansi. Ndinaitchera kuti izijambula yokha masekondi 5 aliwonse. Mwezi uno wa June mwera ukuwomba bwino, kaiti inakwera popanda vuto, ndipo ndinayenda nayo m'mbali mwa dimba kuyambira cha m'ma 4 koloko madzulo.

Zomwe zinatuluka ndi izi. Msewu wodutsa kumtunda kwa dimba ndi wowongoka, koma pazithunzi ukuoneka ngati uta. Zithunzi zambiri zili mbuu, moti mizere ya kabichi yasakanikirana ngati phala. Nditayesa kulumikiza zingapo pa laputopu ya mphunzitsi wina, ngalande ikakumana mbali ino, mbali inayo ikuphonyana ndi mamita angapo. Nyumba yathu yosungiramo makasu ikuoneka kawiri.

Kodi kamera yotereyi ingatulutse mapu oti n'kuyezerapo malo, kapena ndingoisiya? Ngati zingatheke, ndiyambire pati?

Wa_mapu_ku_Zomba

A Mlembi, musaisiye. Kamerayo ilibe vuto, inangopangidwira ntchito ina. Diso la GoPro ndi lotambalala kwambiri kuti wokwera njinga kapena wosambira alowe yense m'chithunzi, ndipo n'chifukwa chake zinthu zowongoka zimapindika chakumphepete. Pakati pa chithunzi ndi pabwino ndithu. Hero4 ikatchedwa pa 12MP imatulutsa timadontho 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, ndipo ikakhala mamita 60 m'mwamba, kadontho kamodzi ka pakatipo kamaimira masentimita pafupifupi 3 a pansi. Mzere wa malire a puloti ungaoneke bwinobwino. Koma mukamapita kumphepete kadontho komweko kamaimira malo aakulu, ndipo zinthu zimaoneka chammbali.

Njira zilipo ziwiri. Ngati mukufuna kulumikiza pamanja, gwiritsani ntchito pakati pokha pa chithunzi chilichonse, kumphepete konse muzidula. Pa Hero4 palinso 7MP Medium, yomwe imakuchitirani kudulako. Njira yachiwiri, yomwe ine ndingasankhe, ndi yoti musadule kapena kuwongola chilichonse, koma zithunzizo muziike mmene zilili mu WebODM. Ndi pulogalamu yolumikiza zithunzi za m'mwamba kuti zikhale mapu, yoti mutha kuika pa kompyuta yanu osadalira intaneti polumikiza. Pa malo olembedwa camera-lens musankhe fisheye. Iyo imafufuza chinthu chimodzi chomwe chikupezeka m'zithunzi zingapo, imawerengera pomwe kamera inali pojambula chilichonse, imadziwanso yokha kupindika kwa diso lija n'kukuchotsa. Mukayamba mwawongola zithunzi ndi pulogalamu ina, mumaisokoneza pa masamu amenewa.

Kuti itero pamafunika zithunzi zolowerana kwambiri. Chithunzi chilichonse chibwereze magawo 7 kapena 8 mwa 10 a chinzake, ndipo malo aliwonse aoneke m'zithunzi zosachepera 5. Masekondi 5 ndi ambiri kwa kaiti yomwe ikungozungulira, tcherani masekondi 2. M'mphindi 40 mupeza zithunzi 1,200. Musaike zonse, laputopu ingatope. Khalani pansi muzione chimodzichimodzi, mutaye za mbuu ndi zoonetsa thambo, mutsale ndi 200 kapena 300 zakuthwa zokuta dimba lonse. Kompyuta ya RAM ya 16GB ingathe zimenezi, ya 4GB musavutike nayo.

Chinthu china chomwe chingakudabwitseni n'chakuti kugwedezeka kwa kaiti kuli ndi ubwino wake. Zithunzi zikakhala zoyang'ana pansi penipeni zokhazokha, mapu amatha kutuluka ngati mbale, pakati potukuka kapena polowa, pomwe malo ali osalala. Zithunzi zopendekeka pang'ono zimathandiza pulogalamu kudziwa bwino diso la kamera. Ndiye zopendekeka pang'onozo musataye.

Kaiti_ndi_mwera

Ine ndingoyankhapo za mbuu uja, chifukwa ndinadutsamo. Kamera mukaimanga pa twaini penipeni, kunjenjemera konse kwa chingwe kumalowa mu kamera. Komanso GoPro sijambula chithunzi chonse pakamodzi, imawerenga mzere ndi mzere kuchokera pamwamba kutsika, ndiye ikamanjenjemera zinthu zimatuluka zokhotakhota.

Pangani chopachikira chotchedwa Picavet. Dzinalo ndi la munthu wa ku France yemwe anachilongosola mu 1912, koma ndi chinthu choti mungapange ndi zomwe muli nazo. Khomani timatabwa tiwiri topepuka mopingasa, tautali ngati chikhato chimodzi ndi theka. Kumapeto konse kunayi ikani timphete tosalala, ta makiyi timachita. Chingwe chimodzi chopyapyala chizidutsa m'timphete tonseto n'kumakwera kukakoleka pa twaini wa kaiti malo awiri otalikirana mita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Kamera ikhale pansi pa mtandawo. Twaini akapendekeka, chingwe chimatsetsereka m'timphete ndipo mtanda umatsala chogona. Musaipachike pafupi ndi kaiti. Yambani mwakweza kaiti mamita 20 kapena 30 mpaka itakhazikika mu mphepo yabwino, kenako kolekani kamera n'kupitiriza kumasula chingwe. Kaiti muiike mchira wautali.

Anthu a Public Lab, gulu lofufuza za chilengedwe ndi zipangizo zodzipangira okha, anajambula mafuta omwe anatayika ku Gulf of Mexico mu 2010 ndi makaiti ndi mabaluni, kamera ataibisa m'botolo la pulasitiki la zakumwa lodulidwa pakati. Botolo lotere limateteza kamera ikagwa. Mangani kachingwe kena kapadera kuchokera ku kamera kupita ku twaini, kuti mphira ikaduka isathere m'ngalande.

4 koloko madzulo ndi mochedwa. Kuwala kukachepa kamera imatsegula diso nthawi yaitali, ndipo mbuu amachokera pamenepo. Mithunzi ya nthochi nayonso imaphimba malire. Jambulani pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko. Zimitsani Wi-Fi ya kamera kuti batire ikhalitse, valani magolovesi chifukwa nayiloni amacheka zala, ndipo ngati pali mawaya a magetsi pafupi musaulutse n'komwe.

Mayi_woyeza_malo

Bambo Mlembi, zomwe anena anzangawa ndi zoona, koma zikupatsani chithunzi chokongola chabe ngati simuika zizindikiro pansi. Hero4 ilibe GPS, GoPro inayamba kuikamo pa Hero5 Black. Choncho pulogalamu sidziwa kuti dimba lanu ndi lalikulu bwanji kapena kumpoto n'kuti. Ngakhale ikanakhala nayo, GPS ya kamera kapena ya foni imaphonya ndi mamita 3 mpaka 5. Pa puloti ya mamita 40 m'litali ndi 20 m'lifupi kumeneko ndi kuphonya kwakukulu, kokwanira kumulanda munthu mizere ingapo ya anyezi.

Popeza chomwe mukufuna ndi kukula kwa mapuloti, tepi yoyezera ndi yodalirika kuposa foni. Tengani matumba oyera a feteleza, mujambulepo mtanda wakuda waukulu, muwakhomere pansi ndi zikhomo kuti mphepo isawasunthe. Asachepere 5: m'ngodya zonse zinayi ndi limodzi pakati. Pa mahekitala 3 ine ndingaike 8 kapena 10. Yambani ndi atatu monga amachitira amisiri omanga nyumba akamafuna ngodya yowongoka: mamita 30 mbali ina, 40 mbali inayo, ndipo chopingasa chikwane 50. Thumba lililonse lotsatira muliyeze kuchokera ku matumba awiri omwe mwawadziwa kale. Mukatero thumba lililonse lili ndi manambala ake, ndipo foni muigwiritse ntchito pongodziwa pomwe thumba loyamba lili ndi komwe mzere woyamba walunjika. Manambalawo muwalowetse mu WebODM, koma matumba awiri musawauze pulogalamuyo. Muwasunge kuti mapu akatuluka muyeze mtunda wa pakati pawo pa kompyuta n'kufananiza ndi wa tepi. Pamenepo ndi pomwe mudziwe ngati mapu anu akunena zoona.

Mukadzafuna kuika mapu anu pamwamba pa mapu akale a boma mu QGIS, pulogalamu yosanjira ndi kuyezera mapu, samalani. Foni imawerenga malo ndi njira yotchedwa WGS 84, ndipo Dedza ili mu UTM zone 36S, nambala yake EPSG:32736. Mapu akale a dziko lino ambiri ali pa njira ina yotchedwa Arc 1950, ndipo mukasakaniza ziwirizi dimba lanu lisuntha mamita pafupifupi 300. Ambiri amaganiza kuti alakwitsa kujambula pomwe vuto lili pamenepa.

Ndikupempheninso chinthu chimodzi. Mapu amenewa ndi othandiza kalabu kugawana msonkho, koma si oti munthu akalembetsere malo. Zimenezo zimafuna woyeza malo wovomerezeka. Ndipo musanaulutse, kawauzeni amfumu ndi mamembala onse, chifukwa kamera yoyang'ana pansi imajambulanso mabwalo ndi mabafa a nyumba zoyandikana ndi dimba. Malirewo eni ake awaonetse okha tsiku lojambula, aliyense ndi woyandikana naye atayima pomwepo.

Mlembi_wa_dimba

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu mayi. Ndabweranso patatha masabata atatu kuti ndikuuzeni mmene zayendera.

Mawu anu omaliza aja ndi omwe anasintha ntchito yonse. Ine ndimaganiza zojambula kaye kenako n'kukaonetsa anthu. M'malo mwake tinakhala pansi ndi amfumu, ndipo tinagwirizana kuti Loweruka m'mawa aliyense abwere ndi chidebe cha phulusa. Anthu awiri ogawana malire amayima pangodya, akagwirizana amathira mulu wa phulusa waukulu ngati lichero. Ngodya zitatu sanagwirizane, ndipo tinathira milu iwiriiwiri kuti nkhaniyo ikakambidwe padera. Phulusa pa dothi lakuda la kudimba limaoneka bwino kwambiri kuchokera m'mwamba, kuposa mmene ndimayembekezera, kungoti pomwe panali chinyezi linada msanga ndipo tinachita kuwonjezera.

Matumba tinaika 9. Kuyeza ndi tepi kunatidyera maola awiri chifukwa tepi yathu ndi ya mamita 30, ndiye mzere wa 50 uja timayamba takoka chingwe kuti tisakhote. Picavet ndinapanga ndi timatabwa ta bokosi la tomato ndi timphete ta makiyi. Kamera inakhala phee, moti poiona ili m'mwamba ndinadziwiratu kuti zithunzi zikhala zina. Mnyamata wina anagwira chingwe n'kumayenda pang'onopang'ono m'mbali ya kum'mwera chakum'mawa komwe mphepo imachokera, ine ndili pansi pa kamera kumamukodola kuti apite uku kapena uko. Tinayenda maulendo atatu, ndipo batire inatha tili pa ulendo wachitatuwo.

Pa zithunzi zoposa 1,400 ndinasankha 260. Laputopu ya aphunzitsi inakanika, ndiye ndinapita nazo kwa mphwanga ku Lilongwe yemwe ali ndi kompyuta yamphamvu, ndipo inagwira usiku wonse. Msewu uja watuluka wowongoka. Nyumba ya makasu ndi imodzi. Matumba awiri omwe ndinasunga, tepi inati mamita 62.4, mapu akuti 62.7. Mitu ya kabichi ikuwerengeka umodziumodzi.

Puloti ya gogo uja yapezeka kuti ndi masikweya mita 610, pomwe m'buku mwathu munalembedwa 800. Komiti yavomera kuti chaka chino asasonkhe. Ena awiri apezeka ndi malo ochulukirapo, ndipo mmodzi sanakondwe, koma phulusa anathira yekha.

Vuto latsala ndi ngodya ya kumpoto chakumadzulo, komwe kuli nthochi ndi mitengo ya bulugamu. Kumeneko mapu asungunuka, mapuloti anayi sakuoneka malire, ndipo kaiti sindingaifikitseko chifukwa chingwe chikodwa m'mitengo. Kodi ndingajambule mbali imeneyo padera ndi kamera yomangirira kunsonga ya nsungwi yaitali, n'kuphatikiza ndi zithunzi za kaiti?

Wa_mapu_ku_Zomba

Nsungwi ya mamita 6 ndi kaiti ya mamita 60 zikusiyana kwambiri, pulogalamu ivutika kuzindikira kuti ndi malo amodzi. Pansi pa nthochi simuonanso kanthu ngakhale mutakwera bwanji. Mapuloti anayiwo ayezeni ndi tepi kuchokera ku matumba awiri apafupi, monga anenera mayi aja, ndipo ngodya zake muzilembe pamanja mu QGIS pamwamba pa mapu omwe muli nawo kale. Ngati zikhomo za matumba zikadalipo musazizule.

Mlembi_wa_dimba

Zikhomo zilipo zonse 9, ndinazikhomera mpaka pansi kuti khasu lisazipeze. Ndipita ndi tepi Lachiwiri tikamaliza kuthirira, ndipo eni mapuloti anayiwo ndawauza kale kuti abwerenso ndi phulusa.