Filiji ya mugalimoto: ndigule kapena cooler box ikukwana?

Bambo a Yankho: Akuluakulu ndithandizeni maganizo. Disembala ikubwerayi ndikufuna kutenga banja kunyanja, Cape Maclear, tikagona mu tenti chifukwa mitengo ya zipinda nthawi ya holide mukuidziwa nokha. Nde pali mlamu wanga akubwera kuchokera ku Joni akuti atha kundigulira kafiliji ka mugalimoto ka malita 40, kolumikiza pa 12V kaja. Ndalama yake si yochepa ayi, kuwonjezera ndi duty ya pa boda. Galimoto yanga ndi Sienta. Zimenezi ndi zofunikadi kapena cooler box ndi ayisi basi zikukwana? Amene munagwiritsapo ntchito tiuzeni zoona zake.

Nachisale: Achimwene kunyanja mumapita kangati pachaka? Ngati ndi kamodzi basi ndalamayo sungani, sukulu zikutsegulira Januwale. Ayisi ali paliponse, pa Mangochi boma alipo, pa Monkey Bay alipo, mumagula mabuloko awiri atatu nkuika pansi zakumwa pamwamba basi mwathana nazo.

Wa Hilux: Achemwali zoti ayisi ali paliponse ndi zoona tsiku limene magetsi ali bwino. Magetsi akathima maola ambiri ogulitsa ayisi aja nawonso amakhala alibe, mumazungulira trading yonse mpaka kukapeza timapepala ta ayisi tosalimba tomwe tikusungunuka muli mkati molipira. Ndipo Disembala kunyanja kumatentha osati masewera, tsiku lachiwiri cooler box yadzadza madzi, soseji ikusambira limodzi ndi tomato ndi majarini, ana nkudya zimenezo mawa lake mimba. Ine filiji yanga ndimayenda nayo pa ntchito ku Lower Shire ndipo sindingayerekeze kubwerera ku ayisi.

Nachisale: Inuyo mumayenda sabata ndi sabata, nde mwa inu zikumveka. Awa akunena ulendo umodzi wa Khrisimasi.

Bambo a Yankho: Si kamodzi kokha ayi mayi, kumudzi ku Nkhotakota timapitanso pafupipafupi ndipo pobwera timagula nsomba. Koma nzoona kuti zogona mu tenti sizichitika kawirikawiri.

Amisiri a magetsi: Bwana musanapereke ndalama funsani mlamu wanuyo chinthu chimodzi, kafilijiko kali ndi kompresa kapena ayi. Pali mitundu iwiri imene anthu amaisokoneza chifukwa yonse amaitchula kuti car fridge. Wina ndi uja wotchipa wa thermoelectric, uli ndi kafani pachivundikiro, umenewo sumaziziritsa mpaka pomwe inu mukufuna, umangotsitsa kutentha ndi madigiri 15 kapena 20 kuchokera pa kutentha kwa panja. Nde ganizani muli ku Chikwawa mwezi wa Okutobala kunja kuli 40, mkati mwa bokosimo muli 20 ndi kanthu, nyama singakhale mmenemo, nyama imafuna pansi pa madigiri 5. Komanso umakoka magetsi osapuma, ma amp 4 kapena 5 ola lililonse usana ndi usiku. Wa kompresa ndiye filiji yeniyeni ngati ya kunyumba, mumaika nambala yomwe mukufuna, ambiri amafika mpaka -18, ikafika pamenepo kompresa imazima yokha nkudzayakanso pakapita nthawi. Ngati akukuuzani mtengo wotsika modabwitsa dziwani kuti ndi wa kafani uja, umenewo musagule, bola cooler box yabwino.

Bambo a Yankho: Akuti ndi ya kompresa, Snomaster. Anatchulanso Alpicool kuti ndi yotsikirapo mtengo.

Amisiri a magetsi: Chabwino nde tikambe za batile chifukwa apa ndi pomwe anthu amalira. Filiji ya malita 40 kunja kukutentha itha kudya ma amp-hour (muyezo wa magetsi amene batile imasunga) 30 mpaka 40 patsiku, kutengera mukutsegula kangati ndiponso mwaiika pati. Batile ya Sienta ndi yaing'ono, ma 40 kapena 45 amp-hour, ndipo batile yolizira injini siinapangidwe kuti izitsitsidwa mpaka pansi, mukatero kangapo imafa msanga. Mukuyenda palibe vuto olteneta ikutchaja. Vuto ndi pamene mwaimika galimoto pa mchenga masiku atatu. Mafiliji amenewa ali ndi chodulira magetsi batile ikatsika, mumasankha low, medium kapena high, mukaika pa high imazima msanga kuti galimoto idzalire mmawa, koma pamenepo ndiye kuti filiji yazima usiku nyama ikufunda. Mukaika pa low filiji ikhala bwino koma mmawa kiyi kungoti tcha tcha, ndipo Sienta ndi otomatiki simungakankhe. Choncho mtengo weniweni si wa filiji yokha, onjezerani batile yachiwiri ya deep cycle (yopirira kutsitsidwa kwambiri) kapena lithium, chotchajira chake, waya wonenepa, fyuzi, mwinanso sola ya ma watt 100. Mukaphatikiza zonse mupeza mwaonjezera theka la mtengo wa filijiyo kapena kuposa.

Nachisale: Mwamva? Nde ndimanena zomwezo ine. Chinthu chimodzi chikuitana zinzake zinayi.

Wa Hilux: Koma amisiri musawaopseze, makampu ambiri a ku Chembe, ku Cape Maclear komweko, ali ndi soketi, filiji zambiri zimabwera ndi chingwe cha 220V, mwafika mwatsitsa mwalumikiza pakhoma. Magetsi akathima maola angapo filiji yodzadza bwino imasunga kuzizira bola ana asamatsegule mphindi iliyonse.

Amisiri a magetsi: Zoona akulu, ngati kampuyo ili ndi soketi pafupi ndi tenti. Afunsiretu asananyamuke ndipo atenge extension yaitali. Koma akadzafuna kupita ku Liwonde kapena Majete kapena kugona kumudzi kopanda magetsi nkhani ya batile ibweranso basi.

Mayi a ku Area 25: Ine ndilankhuleko za mbali ina yomwe simunaitchule. Mayi anga ali ndi matenda a shuga amabaya insulin, ndipo insulin yosatsegula imafunika kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, komanso isaume chifukwa ikauma yawonongeka. Mu cooler box ikagundana ndi ayisi imatha kuuma, ayisi akatha imatentha, mtima sumakhala mmalo ulendo wonse. Tinagula kafiliji kakang'ono ka malita 15 ka kompresa, timaika pa 5 basi, tikamapita nawo kumudzi ku Mzimba kapena kumaliro komwe simudziwa mukhala masiku angati zimatithandiza kwambiri. Ndipo kunyumba magetsi akathima nthawi yaitali timasamutsira mankhwala ndi ndiwo mmenemo nkulumikiza pa batile ya sola. Kwa ife sichinthu cha holide ayi, chimagwira ntchito chaka chonse.

Bambo a Yankho: Mayi apa mwandipatsa maganizo ena, zoti ingathandizenso kunyumba sindinaziganizire. Batile ya sola tili nayo kale ya ma 100 amp-hour yomwe timaonera TV ndi kuyatsira mababu.

Amisiri a magetsi: Aaa nde mukanayamba ndi zimenezo bwana. Ngati ndi deep cycle imeneyo mutha kuinyamula pa ulendo, muimange bwino isagubuduzike, ma terminal muwaphimbe, fyuzi pafupi ndi batile. Ya 100 mumagwiritsa ntchito theka lake ngati si lithium, ndiye kuti tsiku limodzi ndi kanthu, mukaika ndi panelo padzuwa masana mukhala bwinobwino.

Che Jafali wa nsomba: Nkhani ya nsomba ija ndiyankhe ine. Chambo kapena kampango mwagula mmawa pa Nkhotakota, kufika Lilongwe ndi maola atatu anayi, anthu akhala akumangirira nsomba pa galasi la mmbali zaka zonsezi zikuwombedwa mphepo nkukafika nazo. Sindikunena kuti ndi njira yabwino, fumbi ndi utsi wa malole zonse zimathera pomwepo ndipo dzuwa likakula mimba ya nsomba imayamba kufewa, koma ayisi mu cooler box pa mtunda umenewo amakwana kwabasi. Tumbulani, tsukani, ayisi pansi nsomba pakati ayisi pamwamba. Ife timatumiza nsomba mtauni choncho tsiku ndi tsiku. Komanso malita 40 mulowa chambo zingati? Mukaika nsomba zakumwa za ana zikhala pati? Ndipo fungo la nsomba likalowa mu labala wa pachitseko kuchoka kwake nkovuta.

Wa Hilux: Che Jafali pa nsomba za tsiku limodzi ndavomera. Koma fungo limachoka, madzi ofunda ndi soda, nkusiya chitseko chotsegula ikakhala sikugwira ntchito. Amene amatseka filiji yonyowa nkuiika mu stoo miyezi itatu ndi amene amapeza nkhungu.

Mlongo wa ku Joni: Ndili kuno ndiye ndikuuzeni mmene zilili. Kuno anthu a 4x4 amakonda National Luna ndi Snomaster zomwe ndi makampani a konkuno, ndi Engel ya ku Japan, palinso Dometic. National Luna ndi Engel ndi zodula zedi koma anthu amakhala nazo zaka zambirimbiri, za second hand zimagulidwa msanga. Zotchipa za ku China zimaziziritsa bwino ndithu, kusiyana kwake kumakhala pa makulidwe a khoma, mahinji, zogwirira, ndi kupirira mabampu. Chomwe ndikufuna muganizire ndi warranty. Ikafa muli ku Malawi mudzaibweza bwanji kuno? Kuitumiza pa basi kupita ndi kubwera, kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, ndalama yake ndi ina. Nde muuzeni mlamu wanuyo aiyatse kaye kuno masiku angapo asananyamuke, asunge lisiti, ndipo afunse ngati kompresa yake ndi Secop, ija inkatchedwa Danfoss, chifukwa imeneyo amisiri ambiri amaidziwa. Kwacha mmene inagwera mu Novembala 2023 ndi 44% paja, chilichonse cha ma rand chimapweteka, simungafune kugula kawiri.

Nachisale: Ine maganizo anga sanasinthe kwenikweni. Kwa mayi a insulin aja eya, kwa a Hilux eya. Kwa banja lopita kunyanja pa Khrisimasi gulani cooler box yokhuthala khoma, muumitse mabotolo a madzi a malita awiri mu filiji ya kunyumba masiku awiri musananyamuke, amenewo amachedwa kusungunuka kuposa ayisi wogula ndipo akasungunuka mumamwa madziwo, sanyowetsa chakudya. Nyama muumitsiretu, bokosi pamthunzi, mufunditse chiguduli chonyowa. Ndiwo zina mukagula konko, kunyanja munthu ungasowe nsomba?

Wa Hilux: Njira ya mabotolo ndi yabwino, imafika masiku awiri, mwina atatu bokosi likakhala labwino. Kupitirira apo ayi.

Bambo a Yankho: Zikomo nonse. Pano ndikupendekera kogula chifukwa cha nkhani ya kunyumba ija, mwezi wathawu tinataya nkhuku ndi nyama yonse ya mufiliji magetsi atachoka, madam anadandaula kwambiri. Koma mwina nditsike pa malita 40 ndipite pa 30 kuti mtengo utsike komanso mu buti mutsale malo a tenti ndi zikwama. Amisiri, soketi ya ndudu ija ya kutsogolo ingakwane kapena mpaka kukoka waya wina?

Amisiri a magetsi: Mphamvu yake imakwana chifukwa yambiri imapirira ma amp 10, koma pulagi yake imagwedera pa mabampu nkumathima osadziwa inu, nthawi zina kutentha mpaka kusungunuka. Komanso pa magalimoto ambiri a Toyota soketi imeneyo imazima mukachotsa kiyi. Kokani waya wonenepa, 4mm kapena 6mm, kuchokera ku batile mpaka ku buti ndi fyuzi ya ma amp 15 pafupi ndi batile, kumapeto muike Anderson plug, pulagi yogwira molimba yosagwedera. Filiji muimange ndi malamba, mbali ya fani musaipanikize ndi zikwama, siyani mpata wokwana dzanja kuti izipuma. Usiku woti mawa mukunyamuka iyatseni pa magetsi a mnyumba ndipo muikemo zinthu zozizira kale.

Mlongo wa ku Joni: Muyezenso buti ndi tepi musanatumize ndalama, makamaka kutalika kwake chivundikiro chikatseguka, mipando ya kumbuyo ya Sienta ikakhala yoimika malo amachepa kwambiri. Munditumizire miyezoyo ku inbox Loweruka ndikadutsa ku shopu ndikaone ya malita 30 ndi ya 35 ngati zingalowe.