Thumba la icodextrin la usiku: sitachi amakoka bwanji madzi?

Mwana wachitatu:
Moni nonse. Bambo anga ali pa dayalisisi ya m'mimba, chithandizo cha impso zikalephera, ija amathira madzi kudzera pa kapaipi ka pamimba n'kudzawakhetsa pakapita maola. Amadwalanso shuga. Posachedwapa miyendo inayamba kutupa, ndipo m'mawa akamakhetsa madzi ogona nawo ankatuluka ochepa kuposa amene analowa. Adokotala asintha thumba la usikulo. M'malo mwa la glucose 2.27% atipatsa la icodextrin 7.5%, ati n'lopangidwa kuchokera ku sitachi wa chimanga. Apa m'pamene ndasokonezeka. Ndinauzidwa kuti chimene chimakoka madzi m'magazi ndi kuchuluka kwa shuga m'thumbamo. Nanga sitachi akoka bwanji? Komanso sitachi akagayika si shuga yemweyo? Kwa munthu wa shuga, kodi sitangosintha dzina chabe?

Wa ku famase:
Achimwene, simunanamizidwe, koma munauzidwa mbali imodzi. Glucose amakoka madzi mwamphamvu pa maola oyambirira chifukwa madzi a m'thumba amakhala okhathamira kwambiri kuposa magazi. Thumba la 3.86% limapitirira 480 mOsm pa lita (muyeso wa kuchuluka kwa tizinthu tosungunuka m'madzi), pamene magazi amakhala cha m'ma 290. Vuto lake glucose ndi kanthu kakang'ono. Amadutsa pa nembanemba ya m'mimba n'kulowa m'magazi, mphamvu yokoka n'kutha. Usiku wonse ukamatha, thupi limakhala layamba kumwanso madzi aja. N'zimene zinkawachitikira bambo anu, makamaka ngati nembanemba yawo ndi ija yodutsitsa zinthu msanga.

Icodextrin ndi sitachi amene amudula ndi kumusefa kuti patsale timaunyolo ta glucose tataliko, tolemera pakati pa 13,000 ndi 19,000 dalton (muyeso wa kulemera kwa tizinthu tating'onoting'ono), pamene glucose mmodzi amalemera 180 basi. Madzi ake ndi 284 mOsm pa lita, kungofanana ndi magazi, ndiye pa pepala simungayembekezere kuti angakoke kanthu. Koma taganizani za sefa. Ufa wosalala umadutsa, misere imatsala pamwamba. Timaunyolo timeneti timatsala m'mimbamo, ndipo chifukwa sitikudutsa, timapitiriza kukoka madzi pang'onopang'ono kwa maola 8 mpaka 16. Ndi mmenenso albumin, puloteni wa m'magazi, amasungira madzi m'mitsempha yathu. Madokotala a ku Manchester, Mistry, Mallick ndi Gokal, ndi amene anaonetsa mu 1987 kuti zimenezi zimatheka pa odwala, ndipo ku America thumbali linavomerezedwa mu 2002 pa dzina la Extraneal. Sitachi wina wosinthidwa, hydroxyethyl starch, anamuyesanso, koma ameneyo amaunjikana m'ziwalo, ndiye sanafike pogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku.

Funso lanu lachiwiri lija ndi labwino kuposa loyamba. Gawo lina la icodextrin limalowadi m'thupi, pafupifupi 40% pa maola 12, kudzera m'timitsempha ta lymph, tija timatolera madzi m'thupi n'kuwabwezera m'magazi. M'magazimo amylase, enzaimu (chogaya) ya sitachi, amalidula kukhala maltose, amene ndi glucose awiri olumikizana, ndi tizidutswa tina tofanana naye. Koma m'magazi a munthu mulibe maltase, enzaimu ina, woti amalize kudula maltose kukhala glucose, ndiye shuga sakwera ngati mmene amakwerera ndi thumba la glucose. Maltoseyo amangotsalira m'magazi, n'chifukwa chakenso thumbali amalilemba kamodzi patsiku, pa nthawi yaitali ija yokha.

Namwino wa impso:
A ku famase afotokoza bwino, koma asiya chinthu chimene ine ndimayambira ndisanamupatse munthu thumba loyamba. Kamakina koyezera shuga kamene bambo anu akugwiritsa ntchito kunyumba ndi kotani? Maltose uja amanamiza timakina tina. Timapepala toyezera tokhala ndi enzaimu ya GDH-PQQ, komanso tina ta GDH-FAD, timawerenga maltose ngati glucose. Kamakina kaonetsa kuti shuga wakwera pomwe ali bwino, kapena kaonetsa kuti ali bwino pomwe watsika koopsa. Munthu n'kubaya insulini woonjezera, n'kukomoka. Si zoopseza chabe ayi. Mu 2009 bungwe la FDA loyang'anira mankhwala ku America linachenjeza za nkhaniyi litalandira malipoti a imfa 13 zokhudzana ndi timapepala ta GDH-PQQ.

Lero lomwe tengani kapepala ka m'kabokosi ka timapepalato, muwerenge pamene alemba dzina la enzaimu ndi zinthu zosokoneza muyeso, kenako mukawaonetse anamwino a bambo anu. Ndipo akagonekedwa ku chipatala china chilichonse, ngakhale chifukwa cha bala, nenani pa khomo pomwe kuti ali pa icodextrin. Ife a ku impso timadziwa, koma mnzathu wa ku wodi ina amangotenga kamakina kali pafupi. Ngakhale atasiya thumbali, chisokonezochi chimatha kupitirira kwa milungu iwiri.

Mwana wachitatu:
Zikomo kwambiri amayi. Ndayang'ana, alemba glucose oxidase. Ndikawaonetsabe anamwino mawa. Nanga insulini wa usiku tichepetse, poti glucose wa usiku uja wachoka?

Namwino wa impso:
Glucose oxidase sanamizidwa ndi maltose, pamenepo muli bwino. Za insulini musasinthe nokha. N'zoona kuti ambiri amafunika kuchepetsa, koma muziyeza usiku asanagone ndi m'mamawa, mulembe, adokotala asinthe ataona manambalawo.

Wa kapaipi:
Ine ndimagona ndi thumba lomweli, ndipo kutupa kunachepa ndithu, nsapato zinayambanso kulowa. Koma musalitenge ngati lopanda vuto. M'masabata oyambirira zikhatho zanga zinayabwa n'kuyamba kusupuka khungu. Kwa ine zinatha zokha, kwa ena zimafalikira thupi lonse mpaka kusiya thumbalo, ndiye muziwayang'ana m'manja ndi kuphazi. Madzi akatuluka ambuu thamangani nawo kuchipatala, musaganize kuti ndi sitachi. Cha m'ma 2002 odwala angapo anatupa nembanemba popanda tizilombo chifukwa matumba ena anali ndi zotsalira za mabakiteriya, koma nthawi zambiri madzi ambuu amatanthauza tizilombo, ndipo ndi labu yokha ingasiyanitse. Chinanso chimene adokotala anga anandilembera pa khadi n'chakuti muyeso wa amylase m'magazi umaoneka wotsika kwa ife, choncho mimba ikapweteka kwambiri n'kumakayikira kapamba, ayeze enzaimu ina yotchedwa lipase.