Za kamera ya Canon 6D ija ndi malenzi atatu ongokhala m'kabati

Funso lija la sabata yatha linali lakuti mugulitse chiyani kuti chikwama chipepuke, poti pano mumangojambula ana ndi maulendo a ku Salima. Tinati yambani ndi lenzi ya EF 70-200mm f/2.8, yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Tsopano mwati maso ali pa kamera ya Canon R50, ndiye pali zoti muzidziwiretu.

R50 imalemera magalamu 375 batire ili momwemo, pafupifupi theka la 6D. Koma sensa yake, kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera, ndi yaing'ono: lenzi ya 50mm izioneka ngati 80mm, moti m'chipinda chodyera mudzabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma. Malenzi a EF, a pa 6D aja, amafuna adaputala ya EF-EOS R, ndipo kumangirira lenzi yanu ya 24-105mm pa kamera yaing'ono chonchi n'kubweza katundu yemwe mukuthawayo. Ife tikuti lenziyo igulitseninso.

Mabatire a LP-E6 a mu 6D salowa. R50 imadya LP-E17, yosachedwa kutha, choncho gulani awiri poganiziranso za kuthimathima kwa magetsi. Fulashi yakale nayonso siyaka popanda adaputala ya AD-E1. Ambiri amazindikira zimenezi atalipira kale.

Musanaike mtengo pa malenzi ogulitsawo, chotsani zivundikiro zonse ziwiri, muwalitse tochi ya foni m'kati mwa lenzi. Tiulusi toyera ngati ukonde wa kangaude ndi nkhungu, yobwera ndi chinyontho cha dzinja, ndipo wogula wa ku Old Town akaiona amadula mtengo pomwepo. Fumbi la mu Okutobala lokha lisakudetseni nkhawa, silioneka pachithunzi.