Paipi yapamwamba ya rediyeta ikumaphwa m'mawa, madzi akuchepa koma pansi pali pouma

WaGalimotoYofiira

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo ndisanawononge ndalama pachabe. Galimoto yanga ndi ya petulo, injini ya 1.5, yayenda makilomita opitirira 190,000. Kwa milungu itatu tsopano, ndikatsegula boneti m'mawa ndikumapeza paipi yaikulu yapamwamba ya rediyeta itaphwa ngati chubu chopanda mpweya. Ndikangotsegula chotsekera cha rediyeta, kumamveka kuti fyuu, paipi ija n'kubwerera m'malo mwake. M'rediyetamo mumalowa madzi pafupifupi theka la lita tsiku lililonse, koma kathanki kapulasitiki kapambali kamakhala kodzaza mpaka pakamwa.

Ndinayala katoni pansi pa injini usiku wonse, sipanagwe ngakhale dontho. Pamsewu wa pachidikha singano ya kutentha imakhala pakati. Ikayamba kukwera mtunda wautali singano imasuntha kupita chakumwamba, ndikatsika imabwerera. Fani imazungulira. Makaniko wina wangoyang'ana n'kunena kuti hedi gasiketi (chomatira cha pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake) yapsa, tiphwasule injini. Sanayeze chilichonse. Kodi zoona ingakhale gasiketi?

Sipanala_14

Achimwene, madzi akamatha osaoneka pomwe akudonthera, nthawi zambiri amakhala akulowa m'masilinda n'kutuluka ndi utsi. Ine zinandichitikirapo, ndinazengereza mpaka hedi inapindika. Solomolani dipstick, kachitsulo koyezera oyilo kaja, muone ngati oyilo wasanduka wotuwa ngati wathiridwa mkaka. Ndipo poyembekezera kukonza, chotsani thermostat, kavalavu kamene kamatsegulira madzi njira yopita ku rediyeta injini ikatentha, kuti madzi azizungulira momasuka. Ambiri timatero ndipo galimoto zimayenda.

MakanikoWopuma

Bambo a GalimotoYofiira, musaphwasule injini kaye. Yankho mwalemba kale nokha pamene mwati paipi imaphwa injini ikazizira ndipo kathanki kapambali kamadzaza. Gasiketi ikapsa imachita zosiyana ndi zimenezi. Utsi wa m'masilinda umalowa m'madzi, ndiye paipi imalimba gwa ngati tayala patangopita mphindi imodzi kapena ziwiri mutaliza injini yozizira, ndipo nthawi zina imakhala yolimbabe mpaka m'mawa. Yanuyo ikuyamwidwa, sikukankhidwa.

Chotsekera cha rediyeta anthu timachiona ngati chivundikiro wamba, koma chili ndi mavalavu awiri. Yaikulu, ya sipulingi yolimba, imasunga mphamvu ya mpweya mkati. Pamwamba pa chotsekera pamakhala nambala, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1, ndiwo muyeso wake m'ma bar. Ntchito ya mphamvu imeneyo ndi kuchedwetsa kuwira: madzi oyera amawira pa madigiri 100 m'poto wotsegula, koma akatsekeredwa pa bar imodzi amapirira mpaka cha m'ma 120. Injini ikatentha madzi amafufuma, valavu yaikuluyo imatseguka n'kukankhira otsalawo m'kathanki kapambali. Injini ikazizira madzi amabwerera m'chimake, mkati mumatsala malo opanda kanthu, ndiye kavalavu kakang'ono ka pakati pa chotsekeracho kamayenera kutseguka kuti madzi a m'kathanki ayamwidwe kubwerera m'rediyeta. Kavalavu kameneka kakamatirira ndi dzimbiri kapena litsiro, madzi amapita koma sabwerera. Chimene chimagonja ndi paipi ya labala, ndiyo ikuphwayo. Theka la lita lanu silikusowa modabwitsa ayi. Likupita m'kathanki, kathanki kakasefukira limatayikira mumsewu muli pa ulendo, n'chifukwa chake katoni yanu ikuuma.

Injini ili yozizira, chotsani chotsekeracho, muchitembenuze. Kokani kachitsulo kozungulira ka pakatipo ndi chikhadabo. Kayenera kusuntha mofewa n'kubwerera. Onaninso labala wake ngati wang'ambika kapena wauma. Kenako zulani kapaipi kakang'ono kochoka pakhosi la rediyeta kupita m'kathanki, muone ngati sikanatsekeke kapena kupindika. Musakapuze ndi pakamwa: coolant (mankhwala othira m'rediyeta) ambiri ali ndi ethylene glycol, amene ndi wotsekemera koma ndi poizoni woononga impso. Pa chifukwa chomwecho, amene mwakhetsa musamusiye m'beseni pomwe ana kapena agalu angafikire.

Za thermostat, achimwene a Sipanala, pepani ndikutsutsani. Kuichotsa n'kubisa matenda. Injini imachedwa kufunda, imamwa mafuta ambiri, ndipo ija yoyendera kompyuta imangoganiza kuti kukadali m'mawa tsiku lonse. Ngati mukuikayikira, ichotseni muiike m'poto wa madzi pamoto. Pathupi pake palembedwa nambala, zambiri za ku Japan ndi 82. Iyenera kuyamba kuyasama madzi akafika pamenepo, n'kutseguka yonse asanawire. Ikapanda kutero mugule ina, osati kusiya bowo.

Mayi_wa_Minibasi

Ndikugwirizana ndi akulu a Makaniko. Ndingowonjezerapo za paipiyo, chifukwa labala amene wakhala akuphwa ndi kufufuma tsiku ndi tsiku kwa milungu itatu ndimamukayikira. Injini itazizira, ifinyeni ndi zala pafupi ndi makilampu, osati pakati pokha. Mapaipi amayamba kuwola mkati chakumapeto, kunja akuoneka bwinobwino. Mukamva pofewa ngati siponji, kapena timizere tokhala ngati tang'ambika mkati, kapena pamene patupa, isintheni. Ina imauma n'kumalira kuti khirikhiri mukaifinya, imeneyonso yatha. Ngati pali oyilo amene akudonthera pa paipi, konzani kudonthako, oyilo amafewetsa labala wa mtundu umenewu.

Yapansi musaiiwale. Imeneyo ili mbali imene pampu ya madzi imayamwira, ndiye ikafooka imaphwa injini ikamathamanga kwambiri, inu muli pachiwongolero osaona. Wina aponde mafuta inu mukuyang'ana, manja ndi malaya kutali ndi fani ndi lamba.

Ndipo chonde, musatsegule chotsekera injini ili yotentha. Kondakitala wanga wakale ali ndi chipsera pamkono mpaka lero.

WaGalimotoYofiira

Zikomo nonse. A Sipanala, oyilo ndi woyera bwino, utsi ku ekizozi palibe kupatula kanthunzi ka m'mawa kamene kamatha msanga. A Makaniko, ndachita zimene munanena. Kavalavu kaja kanali kouma gwa, kozingidwa ndi zinthu zofiirira ngati dothi, ndinachita kukatokosa ndi sikuludiraiva. Kapaipi kakang'ono nako kanali ndi matope mkati. Ndivomere kuti chaka chonse ndakhala ndikuthira madzi a pampopi okhaokha.

Funso lina: kusitolo ndapeza chotsekera cha 1.3 pamene changa ndi cha 1.1. Wogulitsa akuti chachikulucho ndiye champhamvu. Nditenge?

MakanikoWopuma

Ayi, funani cha 1.1 chomwecho, ndipo mupite ndi chakalecho mukafananitse kuya kwa khosi lake, chifukwa zilipo zofanana pamwamba koma zosiyana pansi. Cha 1.3 chipanikiza mapaipi okalamba, kahita ka mkati, ndi mathanki apulasitiki a rediyeta amene amakonda kung'aluka pamsoko pamene akumana ndi aluminiyamu.

Dothi lofiiralo ndi dzimbiri, ndipo ngati lafika pachotsekera ndiye kuti lilinso m'timapaipi ta rediyeta. Khetsani madzi onse, tsukani mpaka otuluka ayere, kenako thirani coolant wa mtundu umene buku la galimotoyo likunena. Wina amabwera wosakaniza kale, wina mumasakaniza theka ndi theka ndi madzi a distilled, oyera aja ogulitsidwa owonjezera m'batire, osati asidi. Pothira, imikani galimoto mphuno itakwera pang'ono, ikani hita pa kutentha kwambiri, lizani injini chotsekera chili chochotsa mpaka thermostat itatseguka ndipo thovu litasiya kutuluka. Hita ikamatulutsa mphepo yozizira injini ili yotentha, mpweya ukadali mkati.

Mukatha zonsezi, bwererani pa mtunda womwe uja. Singano ikakwerabe, zimitsani injini, dikirani fani iime, muyendetse dzanja pafupi ndi nkhope ya rediyeta: malo ozizira pakati pa malo otentha ndiye kuti timapaipi tatsekeka. Za gasiketi tidzakambe pokhapokha thovu likamatuluka osaleka. Ndipo ngakhale pamenepo, makaniko wanuyo ayambe wayeza ndi mankhwala aja abuluu amene amaikidwa pakhosi la rediyeta n'kusanduka achikasu akakumana ndi utsi wa petulo.

WaGalimotoYofiira

Ndabwera ndi lipoti patatha masiku asanu. Ndinasintha chotsekera, kapaipi kakang'ono, ndi paipi yapamwamba, chifukwa Mayi munalondola, inali yofewa pafupi ndi kilampu ya ku injini. Kutsuka kunanditengera maulendo anayi madzi asanayere. Tsopano madzi a m'kathanki amakwera madzulo n'kutsika m'mawa kufika pamzere womwewo, ndipo paipi ili chilili. Pa mtunda uja singano inasuntha pang'ono pokha nditayatsa AC, ndiye Loweruka ndiyesa za dzanja pa rediyeta zija.