Injini ya njinga yanga ikugogoda, ndiyambire pati?

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndagula njinga yamoto yoti inayendapo kale, ya 125cc, four stroke. Poigula inkalira bwinobwino, koma nditangosintha oilo phokoso layamba. Amene ndinakhetsayo anali wolimba zedi, ankachita kutsika monyinyirika. Ndikailiza m'mawa, kumutu kwa injini kumamveka tiki tiki tiki, ikatentha kaphokosoko kamachepa koma sikatha. Chondidetsa nkhawa ndi ichi: ndikamakwera chitunda ndili pa giya 4 n'kukoka moto, pansi pamamveka gu gu gu, ndikabweza moto pamati zii. Utsi palibe, mphamvu ilipo. Makaniko wina wangotchera khutu pang'ono n'kunena kuti tiphwasule injini yonse. Kodi palibe njira yodziwira vuto tisanatsegule?

Yankho: Achimwene, tiki tiki wakumutuyo asakusowetseni tulo, kawirikawiri amakhala mavalavu, mpata wakula. Amachuna ndi feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera mpata, injini itazizira. Injini zambiri zazing'ono mpatawo umakhala pakati pa 0.05 ndi 0.10 mm, koma onani buku la njinga yanuyo. Makaniko asachite kumangitsa kuti phokoso lithereretu, valavu yopanda mpata imapsa.

Yankho: Injiniyo ndi yamtundu wanji? Ngati ndi zija zotengera Honda CG125, zimayendera ma pushrod, tindodo tachitsulo tokankha mavalavu, ndiye wina asakugulitseni timing chain, tcheni cha mkati mwa injini, poti mulibemo. Ngati camshaft, chitsulo chozungulira chotsegula mavalavu, ili kumutu, onani tensioner, kachitsulo kokunga tchenicho. Tcheni chikakhwepa chimachita wayawaya mbali imodzi ya silinda.

Yankho: Bwana, gu gu gu wapansiyo ndiye nkhani. Oilo wolimba amabisa phokoso la bearing yotha, ndipo ogulitsa ena amadziwa zimenezi. Komabe musathamange. Pa chitunda tsitsani giya kaye, chifukwa injini yaing'ono ikalemedwa pa giya yapamwamba imagogoda ngakhale ili bwino. Zikapitirira, tengani screwdriver yaitali, nsonga muigunditse pa injini, chogwirira pakhutu, muziyendayenda nayo: kumutu, pa silinda, pansi. Pomwe pakumveka kwambiri ndi pomwe pali vuto. Kokaninso klatchi injini ikulira, phokoso likasintha ndiye kuti ndi mbali ya klatchi. Pisitoni yogwedera imasokosa injini ikazizira n'kuchepa ikatentha, pamene bearing ya con rod, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi crankshaft ya pansi pa injini, imanyanya ikatentha, oilo akapepuka. Kenako khetsani oilo m'chiwiya choyera, mumuone padzuwa, mutulutsenso kasefa ka oilo. Mukapeza tizitsulo tonyezimira, iimikeni basi, con rod ikathyoka imaboola injini.

Yankho: Onaninso manati a ekizozi, gasket ikamatulutsa mpweya imalira ngati mavalavu. Pozungulira pake pamakhala mwaye wakuda.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndi ya ma pushrod. Ndakoka klatchi, phokoso silinasinthe, ndipo pa giya 3 likumvekabe. Mu kasefa ndapezamo tizitsulo tochepa, tina tikukakamira ku maginito. Kodi bearing yokhayo imasinthika, kapena ndigule crankshaft yonse?