Apongozi akufuna ngongole yamseri, ine ndine wapampando wa banki m'khonde

Wobisa dzina: Abale ndithandizeni nzeru. Andisankha kumene kukhala wapampando, gulu lathu tilipo 22. Apongozi anga aakazi ali ndi masheya a K40,000 koma akufuna K200,000 ya feteleza, ndipo akuti tiwapatse tsiku lokumana lisanafike. Msungichuma wavomera kale. Ndiwakane bwanji osasokoneza banja?

Mlangizi wa magulu: Mayi, musakane ndinu, akane ndi malamulo a gulu. M'magulu ambiri munthu sakongola kupitirira katatu masheya ake, ndiye iwowa malire awo ndi K120,000. Koma chondidetsa nkhawa ndi msungichumayo. Bokosi la ndalama za gulu limakhala ndi maloko atatu, makiyi n'kusungidwa ndi anthu atatu omwe sali mu komiti, kuti lisatsegulidwe kunyumba kwa munthu. Iye azitulutsa bwanji ndalama pakati pa sabata?

Mlembi wa gulu lina: Onaninso nyengo. Feteleza agula Novembala, chimanga akolola Epulo kapena Meyi, pomwe ngongole imabwezedwa pasanathe miyezi itatu. Ngati chiwongoladzanja chanu ndi 20 peresenti pamwezi, pa K200,000 ndi K40,000 mwezi uliwonse. Ichokera kuti? Ngati mumagawana ndalama za gulu mu Disembala, dzenje limeneli lidzagwera aliyense, dzina loipa n'kukhala lanu. Thumba la zadzidzidzi nalonso musalikhudze, ndi la maliro ndi matenda.

Bambo wina: Zoona zonsezo, koma apongozi sayankhidwa pagulu ngati mwana. Tumani amuna anu akawafotokozere kunyumba kuti K120,000 ndiyo ingatheke, ndipo apemphe pamsonkhano ngati wina aliyense. Pempho lawo likafika, nenani poyera kuti ndi apongozi anu, mlembi atsogolere, inu khalani chete mpaka gulu ligamule.

Wobisa dzina: Ndafunsa, makiyi awiri ali ndi msungichuma. Akuti eni ake anamusiyira.

Mlangizi wa magulu: Ndiye msonkhano ukubwerawu musayambe ndi kugula masheya. Owerenga ndalama awiri awerenge pamaso pa onse, muyerekeze ndi zomwe zinalengezedwa potseka sabata yatha, kenako mapasibuku onse, mabuku olembamo masheya ndi ngongole za membala aliyense, aonedwe limodzilimodzi ngongole zake. Musatchule munthu wakuba musanawerenge. Gulani maloko atsopano, chifukwa kiyi amadulitsa pamsika, ndipo gulu lisankhe osunga makiyi ena tsiku lomwelo.