Lamulo loletsa kulima kudambo kuno ku Harare linachokera kuti?

Nachisale wa ku Mufakose:
Abale muli bwanji nonse. Ine ndili ndi funso limene landisowetsa tulo sabata yonseyi. Amayi anga akhala akulima kadimba kumunsi kuno cha ku mtsinje wa Marimba kuyambira ndili kamwana, chimanga pang'ono, maungu, mpiru, nthawi ya dzinja mbatata. Ndiye lachiwiri lapitali kunabwera anyamata ena a yunifolomu ndi zikwanje, chimanga chija chinali chitayamba kale ngaiyaye achitchetcha chonse, ati ndi wetland simuloledwa kulima. Amayi angokhala pa ndowa yawo osayankhula kanthu mpaka dzuwa kulowa. Chondipweteka nchoti kutsidya kwa dambo lomwelo anthu akumanga nyumba za njerwa, malole akuthira dothi tsiku ndi tsiku. Ndiye lamuloli ndi liti kwenikweni, linayamba liti, ndipo ndi la aliyense kapena la ife a khasu tokha?

Ankolo a Phiri, Highfield:
Pepa mwana wanga, uwapepesenso mayi akowo. Lamuloli si ladzana ayi, ndi lakale kuposa ine amene ndakalamba kale. Atsamunda anayamba kuletsa za kulima m'madambo ndi Water Act ya 1927, kenako kunabwera Natural Resources Act ya 1941, ndiye mu 1952 anaika lamulo loti usalime pafupi ndi mtsinje, mafiti 100, amene lero tikuti mamita 30. Mamita 30 amene akukuuzani leroa ndi omwe aja, angosintha muyezo basi.

Bambo anga anabwera kuno nthawi ya Federation kuchokera ku Dedza, ankadabwa kwambiri, amati kwathu dimba ndiye nkhokwe ya njala, munthu ungamangidwe bwanji chifukwa cha dimba? A Chishona nawonso ankalima mpunga ndi tsenza (mizu yodyedwa ngati mbatata) m'madambo awo, omwe iwo amati matoro, kalekale azungu asanafike, pa mizere ikuluikulu, madzi osathawa. Amene anaononga madambo ambiri ndi mapulazi aja ankakumba ngalande kuti madzi achoke alime ndi mapulawo, zigwembe zinayamba pamenepo. Koma lamulo litabwera amene ankathamangitsidwa kwambiri ndi munthu wakuda wa kumudzi. Ndi maganizo anga amenewo, ena atsutse.

Chimwemwe_Dzivarasekwa:
Ankolo anena zoona za mbiriyo koma ndionjezere za panopa, poti ndinaphunzirako zimenezi ku koleji. Lamulo likugwira ntchito lero ndi Environmental Management Act ya 2002, Chapter 20:27, lomwe linabweretsa EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe. Gawo 113 ndi lokamba za madambo, limati sungakhetse madzi m'dambo, kulikwirira kapena kulikumba popanda chilolezo cholembedwa. Za mamita 30 zija zilinso mu Statutory Instrument 7 ya 2007. Ndiye achemwali yankho la funso lanu nloti lamulo silinasankhe, womanga nyumba m'dambo likumukhudza kuposanso mayi a dimba, amayenera kukhala ndi pepala la EIA, losonyeza kuti aunika mmene ntchitoyo ingakhudzire chilengedwe, asanaike ngakhale njerwa imodzi. Constitution ya 2013 nayo pa gawo 73 imati aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo posaononga thanzi lake.

Komanso tisanamizane, dambolo ndi lofunika zedi. Harare inamangidwa kumtunda kwa madzi ake omwe, zonse timataya m'mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba zimakathera mu Lake Chivero, damu lija anamanga mu 1952, ndiye madzi omwewo amawapopa ku Morton Jaffray, koyeretsera madzi, nkubwerera m'mipope yathu (tsiku limene abwere kkkk). Dambo limamwa mvula pang'onopang'ono, udzu uja umasefa zonyansa, madzi amalowa pansi nkumatuluka mwezi wa October mitsinje ina itauma. Ukaliphimba ndi simenti madzi amangothamanga ndi zinyalala zonse, zitsime ndi mijigo nkumaphwa. Tonse tikukumbuka kolera ya 2008 mmene inapululira anthu ku Budiriro, dziko lonse anthu oposa 4,000 anapita. Feteleza wa m'madimba nayenso amathandizira namasupuni uja wadzadza pa Chivero, izi ndiye amayi sangakonde kumva koma ndi choncho.

Nachisale wa ku Mufakose:
Achimwene amayi anga feteleza angamugule ndi chani, amathira manyowa a nkhuku za pakhomo kkk. Koma ndamva. Nanga Ramsar imene ndimaimva pa wailesi ija ndi yomweyi?

Chimwemwe_Dzivarasekwa:
Ayi imeneyo ndi pangano la maiko, anasainirana mu mzinda wa Ramsar ku Iran pa 2 February 1971, nchifukwa chake tsiku la madambo limakhala 2 February chaka chilichonse. Zimbabwe inalowa mochedwa, 2013, ndi malo asanu ndi awiri: Victoria Falls, Mana Pools, Chinhoyi Caves, Driefontein, Chivero ndi Manyame, Cleveland Dam ndi Monavale Vlei. Monavale ili mtauni momwe muno ndipo madzi ake amatsikira mu Marimba yemweyo wa amayi anuyo. Kumeneko anthu okhala pafupi anapanga bungwe lawo COSMO, akhala akulimbana ndi ofuna kumanga kwa zaka zambiri, dambo lilipobe, nthawi ya mvula azungu amabwera ndi mabainokyula kudzaona mbalame. Msonkhano waukulu wa Ramsar unachitikira ku Victoria Falls mu July 2025. Kungoti panganolo lilibe apolisi, silingamange munthu, limadalira malamulo a dziko.

Mai a Tadala, Mabvuku:
Kumudzi ku Malawi anatitsogolera pamenepa, Nyanja ya Chilwa inalowa mu Ramsar 1997, Elephant Marsh ku Chikwawa ndi Nsanje 2017. Koma kumeneko anthu akulimabe mpunga, akuwedzabe matemba, palibe amabwera ndi chikwanje. Ine kwathu ndi ku Zomba cha ku Kachulu ndiye ndikudziwa. Ramsar yomweyo imalola kugwiritsa ntchito dambo mwanzeru, sikuti munthu asapondemo.

Ine chimene chimandiwawa ndi masitendi. Mlamu wanga anagula sitendi kwa anthu ena a kopaletivu, anamuonetsa mwezi wa September kuli gwa, fumbi lokhalokha. Anamanga zipinda zitatu. January itafika madzi anayamba kutumphuka pansi pa bedi, khoma lonse ndere mpaka pawindo, chimbudzi cha dzenje chinadzadza nkusefukira pabwalo ana akusewera pomwepo. Amene anamugulitsa aja foni sinkalowanso. Pano akuopa kuti tsiku lina adzamugwetsera, ndalama zonse za ku Joni zaka zinayi zinathera pamenepo.

Ankolo a Phiri, Highfield:
Mlamu wanuyo akanafunsa agogo aliyense wa dimba akanamuuza. Pomwe pamera mlulu kapena bango, dothi lakuda lomata lija limang'aluka chilimwe, pamenepo sipomanga. Iwe Nachisale, pita ku ofesi ya EMA ukafunse ngati omanga kutsidyawo ali ndi pepala, funsanso ngati gulu la amayi lingapatsidwe chilolezo cha dimba kunja kwa mamita 30, upite ndi anzako osati wekha. A Harare Wetlands Trust, bungwe loteteza madambo, nawonso amamva nkhani zoterezi. Mbeu ya maungu ndili nayo yambiri, ukadzabwera ku Machipisa Loweruka undiimbire uwatengere mayi ako.